Mwana wa pa Tsamba Lachinayi

Lolemba, 4 Ogasiti 1986

Ndabwela kuchokela ku Chipata fumbi mpaka m'mano. Ulendo wachabe.

Ndinapita kukakonzetsa pasipoti, ikutha pa 15 mwezi uno. Kalaliki wake ndi munthu waulemu, sindingamunamizile. Watsegula, wafika pa tsamba lachinayi pomwe panalembedwa Lilly, n'kufunsa ngati ndikufuna kuti mwanayo adzakhalemonso m'buku latsopano. Ndati nanga ndinamubeleka kuti ndidzamufufute? Waseka pang'ono n'kutulutsa fomu ina. Akuti pakufunika siginecha ya bambo a mwana. Popanda imeneyo buku lituluka ndi dzina langa lokha.

Bambo a mwana. Danwell, yemwe ali ku Kabwe ndi mkazi wina chaka chachiwili tsopano, yemwe makalata anga atatu sanayankhe ndi imodzi yomwe. Anasaina kamodzi mu '83 pamene ankafuna tikaonetse khanda kwa amayi ake ku Malawi. Sadzasainanso. Ndimamudziwa.

Ndilembe bwinobwino kuti mutu uleke kuzungulila. Lilly ali kwa apongozi anga, a Nyatembo, tsidya la boda kufupi ndi Embangweni. Anamutenga mu Juni chaka chatha ine ndili gone m'chipatala ndi malungo. Anati sabata ziwili zokha mpaka ndipeze bwino. Yakwana miyezi khumi ndi inayi. Ndinatuma achimwene kawili, kawili konse anawabweza kuti tidikile D. Ndekha sindinapiteko. Ndimauza anthu kuti nchito inali yatsopano, tchuthi sakanandipatsa. Muno ndinene zoona: sindinafune kukagwada pakhomo pa mayi uja.

Pepala lokhalo lomwe likunena kuti mwanayo ayende ndi ine ndi bukuli. Latsala ndi masiku 11.

Lachiwili, 5 Ogasiti

Abwana a ku kopaletivu andipatsa tchuthi mpaka pa 15. Ayamba andifunsa kaye kuti makalata awatayipila ndani. Ndinafuna kunena kuti zala ali nazo khumi ngati ine. Ndameza.

Amama abwela kuchokela ku Kapichila ndi nshawa m'thumba komanso malangizo odzaza dengu. Akuti ndikuvutikilanji ndi mabuku, anthu onse amangodutsa m'minda, ngakhale a Nyatembo mwanayo anapita naye m'minda momwemo. Ndawauza kuti ndikamutenga choncho, dzuwa lisanalowe Amock, mkulu wake wa D., adzakhala atafika pano ndi njinga kuti ndaba mwana. Ndipo kukhoti ndidzati chiyani, ng'ombe za malowolo zili m'khola mwa atate? Ndikufuna amupeleke masana, anthu akuona, ndidutse naye pachipata, zidindo ziwili zigwe. Akadzafunsa wina ndidzangotsegula tsamba.

Amama anangoti, “Ndiye tsiku lothela bukulo usakawauze. Akadziwa angokukhazika mpaka lipite. Ndipo pakamwa pakopo usiye pano, udzapapeza pobwela.”

Andibweleka dilesi lao la kutchalitchi lofika m'mapazi, poti kutsidyako siketi yoonetsa maondo salola. Ndadziyang'ana pagalasi. Mkazi wa abusa.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Lole yopita kuboda sinabwele, akuti dizilo kulibe. Tsiku lonse pansi pa mtengo ndi sutikesi. Atsala 9.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Ndadutsa. Ndikulemba ndili m'kanyumba kosungila fodya, ndi momwe andiyalila mphasa.

Mbali yathu sanachedwe, anangoti adona mukudziwa kuti bukuli likufa? Ndati ndikudziwa, ndine mwini malilo. Mbali ya Malawi ofesala wake wamtali, wa chipsela pachibwano, anayamba wayang'ana m'mphepete mwa dilesi, kenako buku, kenako kalendala ya pakhoma. Anawelenga masiku ndi nsonga ya bolopeni ngati akusankha nyemba. Wandipatsa mpaka pa 14, Lachinayi likubwelali. Akuti tsiku limodzi litsale la kudwala kapena la lole.

Anafika pa tsamba lachinayi n'kusuzumila kumbuyo kwanga. Mwana ali kuti? Ndamuuza kuti ndikukamutenga, analowa ndi agogo ake chaka chatha. Sanafunse kuti analowela pati, amadziwa. Walemba kuti ndalowa ndekha. Pondibwezela buku anati potuluka adzamufunsa yekha mwanayo, poti ana sanama. Ndinangoti chabwino. Afunse chiyani chovuta kwa mwana wanga?

Pamsika wa tsidya lino anyamata awili anandiimitsa, khadi la chipani. Ndaonetsa pasipoti, anaipotoza mozondoka, n'kundisiya. Kwathunso amafunsa khadi, kungoti akuno saseka. Kabuku kano ndakabisa m'kati mwa pilo.

Ndafika dzuwa litapendeka, mapazi otupa. A Nyt. anali pakhonde akusenda chinangwa. Ndagwada. Andisiya chogwada mpaka atamaliza chomwe chinali m'manja.

“Mwafika, Nyazimba. Ife timayesa sukulu sinatsekebe.”

Fomu faivi ndinamaliza zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, iwo akadali pomwepo. Ndayankha m'Chitumbuka chao kuti yewo amama, tafika.

Ndiye anatulukila kuseli kwa nkhokwe. Wakula. Amumeta mpala, miyendo yotuwa, kadilesi komwe ndinasoka ndekha kamuthela m'chiuno. Ndatambasula manja. Wathawila kumsana kwa agogo ake n'kugwila chitenje.

A Nyt. anati, “Faides, kapatse moni alendo.”

Alendo.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Nkhani ya dzina ndi yakale koma lelo yandilasa ngati yatsopano.

Kwa anthu awa dzina la mwana limachokela kuchimuna. Agogo ndi amene amatchula, mchombo ukagwa. Ine ndinachila ku Lundazi, a Nyt. ali kuno, nesi waima ndi khadi akufunsa kuti tilembe ndani. Ndinati Lilly. Ndinali nditalisankha ndili fomu thili. Patatha sabata iwo anafika ndi nkhuku ndi dzina lao, Faides, la mwana wao wamkazi amene anamwalila ali namwali D. akadali wamng'ono. Ndinawauza kuti achedwa, boma lalemba kale. Nkhukuyo anabwelela nayo. Kuchokela tsiku limenelo sanatchulepo Lilly ngakhale kamodzi, amangoti kamwanako. Inenso Faides sindinatchulepo.

Tsopano mudzi wonse Faides, Faides. Ndamuitana Lilly m'mawa, anayang'ana kumbuyo kwake kuti aone yemwe ndikuitana.

Chinyanja waiwala, akungoyankhula Chitumbuka chokhachokha, chakuya ngati cha nkhalamba. Ine akunditcha Nyazimba, momwe akumvela kwa akulu. Ndamupatsa bisiketi, walandila ndi manja awili, wagwada, wapita kukapeleka kwa agogo. Ulemu amuphunzitsa, pamenepo sindingatsutse.

Ndatchula zomwe ndabwelela. A Nyt. akuti nkhani ya mwana si ya akazi, tidikile Amock, ali kumalilo kwa apongozi ake. Abwela liti? Akabwela.

Atsala 6 a ofesala uja.

Loweluka, 9 Ogasiti

Amock kulibe. Ndasinja, ndatunga madzi, ndasesa bwalo lomwe linali losesa kale. A Nyt. anabwela kudzaona mphale yanga, anaipukusa m'manja n'kuibwezela mumtondo.

L. wandilola kuti ndimusambitse. Ali ndi chipsela pabondo chomwe sindikuchidziwa. Ndinafunsa, akuti anagwa pa ngolo mu Febuluwale. Palibe anandilembela. Ndinamupaka mafuta miyendo yonse, wanunkhiza dzanja langa n'kuseka. Basi zokhazo lelo.

Sondo, 10 Ogasiti

Kutchalitchi. Ulaliki maola awili, theka lake kupemphelela atsogoleli. Dilesi la Amama landithandiza, azimayi andiyamika kuti ndavala ngati munthu.

Potuluka mayi wina wa mano agolide anafunsa mnzake mokweza, ngati ine ndine mtengo, kuti kodi uyu ndi mkazi wa Danwell wakale uja? Ndatembenuka n'kumuuza kuti wakale ndi Danwell, ine ndikadali watsopano. Atsikana anaseka. A Nyt. sanaseke. Njila yonse anayenda patsogolo, L. ali kumsana, ngakhale ndi wamkulu woti n'kuyenda yekha.

Pakamwa paja ndinati ndasiya ku Lundazi. Panditsatila.

Ndatopa. Mphasa ikundilasa m'nthiti, fungo la fodya lalowa mpaka m'tsitsi. Atsala 4.

Lolemba, 11 Ogasiti

Amock wabwela. Munthu wanthabwala, wamimba, amakonza njinga pansi pa mango. Wandilandila bwino kuposa onse, alamu alamu, mwanenepa, ku Zambia shuga kulibe koma mukunenepa ndi chiyani. Nkhani takambila pomwepo iye akumata chubu, ine ndili pansi chapatali, a Nyt. pampando.

Wayankhula nthawi yaitali koma mfundo ndi imodzi. Mwana ndi wa banja lao la a Jele, ng'ombe zinapita, mwini wake ndi D. Iye sangapeleke chinthu cha mng'ono wake popanda mau ake. Alemba kalata ku Kabwe. Ine ndikhale sabata ziwili kapena zitatu, ndathamangila chiyani, pano ndi pakhomo panga.

Ndati nchito ikundidikila. Akuti makina otayipila alibe miyendo, ndikawapeza.

Ndati mwana akufunika mayi ake. Waloza a Nyt. ndi chubu, akuti nanga awa ndi abambo?

Ndinakumbukila Amama, ndinagwila pakamwa. Za tsiku sindinanene. Ndapempha kuti mawa tikhalenso pansi. Wavomela mosavuta, munthu yemwe alibe kothamangila.

A Nyt. amangofwenkha fodya. Koma Amock atatchula kalata ya ku Kabwe ndinaona atasiya kufwenkha fodya wao wa m'mphuno, kabotolo kali m'mwamba. Sindikudziwa chifukwa chake.

Lachiwili, 12 Ogasiti

Ndaononga ndekha. Ndilembe momwe zinayendela, ndisadzinyengelele.

M'mawa onse anali kuseli, L. anabwela yekha m'kanyumba kanga kudzafuna bisiketi. Ndinamukhazika pamwendo. Ndinaganiza za ofesala uja, kuti adzamufunsa dzina, ndiye ndinatulutsa pasipoti kuti ndimuonetse. Ichi chithunzi cha amama ako. Apa, tsamba ili, ndiwe. Lilly. Nena Lilly. Iye maso pa chithunzi, wandiyang'ana, wayang'ananso chithunzi. Kenako wangolitsomphola, liwilo, Agogo, Agogo, onani a Nyazimba ali m'buku.

Pomwe ndimatuluka ndi dilesi lokolakola m'miyendo, a Nyt. anali atalipeleka kale kwa Amock poti iwo sawelenga. Anapukuta gilisi pa buluku, n'kuyamba kuvundukula pang'onopang'ono. Ndinaona nkhope yake itafika pa chidindo cha kuboda. Anawelenga mokweza, 14. Anabwelela kutsogolo, 15. Anafika pa tsamba lachinayi n'kumwetulila. Amock si chitsilu, anagwilapo nchito ku Ndola, za siginecha akuzidziwa.

“Ndiye n'chifukwa chake mukupsa mapazi, alamu. Musavutike. Lachisanu nkhani itha yokha.”

Anandibwezela ndi manja awili, mwaulemu.

Pamenepo china chake chinaduka. Ndinanena zonse. Za malungo, za sabata ziwili, za bondo, za D. ndi dzanja lake lolemela. Amock amangoseka. A Nyt. anati ndichepetse mau, ndikuopseza Faides. Ndipo ine, Jemima mwana wa a Zimba, fomu faivi, ndinawayang'ana m'maso n'kunena kuti mwana wanga si manda a mwana wao.

Amock anasiya kuseka. Mkazi wake analowa m'nyumba. A Nyt. anaimilila, anakutumula chitenje, anatenga L. padzanja n'kupita kuseli. Palibe anandikalipila. Bola akanandikalipila.

Chakudya anandibweletsela ndi mkazi wa Amock, anaika pakhomo osagogoda. Sindinadye. Zomwe ndinanenazo theka lake ndi zoona, ndipo sindikudziwa kuti ndi theka liti lomwe ndikanabweza.

Atsala 2. Mwina ndingonyamuka mawa.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Ndinali nditamanga kale sutikesi pomwe a Nyt. anaima pakhomo ndi zitini ziwili zothilila. Anangoti tiyeni kudimba. Ndinatsatila.

Tathilila mpilu mizele isanu ndi umodzi. Madzi akutali, chitsime chaphwa, umachita kugwada n'kupala ndi chikho. Msana unayamba kuyaka. Ndimadikila kuti ayambe za dzulo, yankho ndinali nditakonza kale, lina lopepesa lina losapepesa. Sanazitchule.

Atakhala pa mzele anayamba kuyankhula akuyang'ana masamba. Akuti kalata yomwe Amock akuti alemba ndi bodza, kalata inabwela kale mu Julayi kuchokela kwa D. Mwezi wa mawa akubwela kudzatenga mwana kupita naye ku Kabwe. Mkazi watsopanoyo sanaonebe mimba, akufuna mwana wa pakhomo. Amock anavomela kale. Iwo anawauza komaliza, ngati mmene amauzila mlendo.

Ndinakhala pansi pamatope pomwepo.

Anandifunsa kuti Kabwe ndi kuti, ndinafikako? Ndati masiku awili pa basi, ukapeza basiyo. Anagwedeza mutu.

“Ku Kabwe sindingafike. Mkaziyo sindikumudziwa. Inu ndikukudziwani, pakamwa panu ndi poipa, koma ku Lundazi miyendo yanga imafika.”

Si chifundo ayi, ndisadzinamize. Awelengela mtunda basi. Koma ndani ali ndi nthawi yosankha?

Ndinafunsa za Amock. Akuti Amock anamubeleka ndi iwo, sanawabeleke ndi iye. Mawa m'mawa atipelekeza okha mpaka kuboda, dzuwa lili pamutu, aliyense aone kuti apeleka ndi agogo ake. D. akadzabwela adzakambe ndi iwo.

Kenako anati chinthu chimodzi, dzina lisafe. Ndinadziwa kuti tifika pamenepo. Ndati amama, m'buku muli Lilly, kuboda akafuna Lilly. Anandiyang'ana koyamba tsiku lonse.

“Bukulo likufa Lachisanu. Mwanayo akhalapobe.”

Sindinavomele. Iwonso sanabweleze. Tinanyamula zitini.

Masana kunali phokoso pansi pa mango, Amock mau pamwamba, a Nyt. mau pansi. Sindinapiteko. Ndinangomva Amock akuti ndiye ine ndasamba m'manja, n'kuyamba kumenya limu ya njinga ndi hamala kuposa momwe imafunila.

L. ndamuyesa kanayi. Dzina lako ndani? Lilly, akaona bisiketi. Bisiketi ikatha, Faides. Atsala mabisiketi atatu.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Ndili ku Lundazi. Miyendo sindikuimva. Ndilembe zisanasokonekele.

Tinanyamuka kutacha. Amock sanatuluke, koma njinga yake tinaipeza itatsamila pa nkhokwe, matayala opopa, sutikesi yanga yomangidwa kale pakaliyala. Ndinakankha ine, L. atakhala pa sutikesi, a Nyt. patsogolo osavala nsapato, nsapato zili pamutu pamwamba pa mtolo. Aliyense wokumana naye amamuuza okha asanafunse, tikupelekeza mwana kwa amake. Anauza anthu mwina makumi awili. Ndinamvetsa kuti akudinda zidindo zao.

Pamsewu tinasiya njinga pa golosale ya mnzake wa Amock. Galimoto palibe. Tinakwela ngolo mpaka pomwe imakhotela, kwinako wapansi. L. anakana kuti ndimubeleke. Mayi wa zaka zimenezo, mwana wa zaka zinayi kumsana, dzuwa la Ogasiti. Ndinati tisinthane, anati mwazolowela kunyamula mapepala. Mabisiketi anathela panjila. Lilly, Lilly, Lilly, bwinobwino.

Tinafika paboda cha m'ma thili koloko. A Nyt. anavala nsapato n'kukhala pakhonde la ofesi, akuti m'nyumba za boma salowamo. Ofesala ndi yemwe uja wa chipsela. Anandikumbukila, anati mwasunga tsiku. Anatsegula tsamba lachinayi, anazungulila tebulo, n'kunjuta pamaso pa mwana. Anafunsa m'Chitumbuka, mofatsa, dzina lako ndani?

“Faides.”

Anayang'ana m'buku. Anafunsanso. Faides, mokweza, ngati akuuza wogontha. Analoza ine, nanga awa ndani?

“A Nyazimba.”

Amama ako ali kuti? Mwana analoza kukhonde.

Ofesala anaimilila, anatseka buku n'kuliika pansi pa chikhatho chake. Sanakalipe. Anati adona, m'buku muli mwana wina, pano pali mwana wina, ndipo mwiniwake akuti sindinu amake. Inu mukanakhala ine mukanadinda? Ndinayamba kufotokoza, za nesi, za khadi, za mwambo, Chizungu chinabwela chokha, ndipo ndimadzimva ndekha kuti ndikumveka ngati wakuba wophunzila. Kumbuyo kwanga azimayi a matumba a shuga anasiya kucheza. Wina anati amatelo amenewa, amapita nao ku Lusaka. Wochi ya pakhoma, pansi pa chithunzi cha Pulezidenti, inali itadutsa hafu pasiti thili.

A Nyt. sindinawaitane. Ndikufuna zimenezi zilembedwe, sindinawaitane. Ndinangomva nsapato zikukhwekhweleza pa simenti.

Analowa chowelama ngati akulowa m'tchalitchi, anagwada patsogolo pa tebulo. Ofesala anati gogo dzukani, anakana. Anafunsa ngati akumudziwa mwanayo. Anati ndi mdzukulu wao, mwana wa mwana wao. Dzina lake?

Anayang'ana mwana, kenako ine. Ndinaganiza kuti basi, abweza za Lachiwili, ndipo ali ndi chifukwa.

“Ndi Lilly.” Linatuluka movuta, ngati akulavula njele. “Lilly wa m'bukumo ndi yemweyu. Anamubeleka ndi awa. Faides ndi langa, ndinamupatsa ndine. Ndipo ndinamutenga ndine, amake akudwala.”

Ofesala anawafunsa ngati akumupeleka ndi mtima wao. Anati mtima asaufunse, afunse miyendo yomwe yamubweletsa. Azimayi a shuga anaseka, iyenso anaseka pang'ono. Analemba mizele iwili m'kaundula wake, anawapaka inki pachala n'kudinditsa. Kenako chidindo changa. Sindinadziwe kuti kamtengo kakang'ono choncho kangalile mokoma.

Pa mtengo wotchinga msewu a Nyt. anaima. Munthu yemwe wadutsa boda imeneyi m'minda moyo wake wonse, lelo akuti alibe mapepala. Anamasula mtolo. Bulangeti la mwana, mfutso, kasupuni kake. Anati usiku amadzuka kamodzi, asamwe madzi ozizila, mazila amamutulutsa ziwengo. Anati adzabwela mvula isanagwe. Anatsitsa mwana kumsana, anamukankhila kwa ine, n'kutembenuka.

L. analila kuyambila pamenepo, mbali yathu yonse, mu lole monse, mpaka pa boma. Agogo, Agogo. Anandimenya pachifuwa, anandiluma padzanja. Ndinayang'ana kumbuyo kamodzi. Anali atavulanso nsapato, akuyenda, inki ili pachala, osacheuka.

Zikomo sindinanene. Ndinakumbukila lole itanyamuka kale.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Buku lafa lelo. Ndaliika pansi pa sutikesi, mu pulasitiki, zidindo zake zonse zilimo.

Amama abwela m'mawa. Anaona mano a mwana padzanja langa, sanafunse zambili. Ndinawauza zonse kupatula za manda.

Mwana sanadye kuyambila dzulo. Waleka kulila, zomwe zikuopsa kuposa kulilako. Anangoima pa mpanda, bulangeti m'manja, kuyang'ana msewu womwe tinabwelela. Amama anaphika mbatata, anamuitana, Lilly, bwela mama. Ngati akuitana mpanda. Ndinayesa ine. Lilly. Lilly, bwela udye. Ndinayesa m'Chitumbuka. Ndinayesa ndi shuga pa supuni, shuga yemwe ndimasungila Khisimasi.

Amama anapita kukatunga madzi. Tinatsala awili, iye pa mpanda, ine pakhonde ndi mbale. Ndinayang'ana uku ndi uku ngati pali wondimva.

Ndinaitana pang'onopang'ono, kamodzi kokha.

Anatembenuka.

A Nyt. sindinawakhululukile, miyezi khumi ndi inayi si sabata ziwili. Ndasiya kaye apa. Faides wamaliza mbatata yachiwili, akukoka dilesi langa kuti ndimusendele ina.